Zotero ndi mabulaketi a milandu

Zotero, pulogalamu yosunga ndi kutchula magwero a zolemba, ndimaikonda, koma pa milandu imafuna kuiyang'anitsitsa. Buku limalowa lokha ndikangolemba nambala yake ya ISBN, yomwe imasindikizidwa pabukulo. Mlandu ayi, ndimadzaza pamanja: dzina, khoti, chaka, tsamba.

Tengani mlandu wa Donoghue v Stevenson [1932] AC 562 (AC ndi mabuku a malipoti a milandu, 562 ndi tsamba). M'kalembedwe ka OSCOLA ka ku Oxford, kotchulira magwero a zamalamulo, chaka chimakhala m'mabulaketi a makona chifukwa popanda chakacho voliyumuyo simungaipeze pa shelefu. Malipoti okhala ndi nambala yawoyawo ya voliyumu, chaka chimalowa m'mabulaketi ozungulira. Pulogalamu siganiza zimenezi, imangotsata zomwe mwadzaza.

M'manotsi anga a mu pulogalamu ya Obsidian, mawu aliwonse a woweruza ndimawaika nambala ya tsamba kapena ndime pompopompo. Kuifunafuna usiku, m'mawa mukupereka ntchito, kumawawa zedi.