Mphika umene unawoloka malire

Loweruka lapitali ndinaperekeza mng'ono wanga ku Mchinji. Akuphunzira kujambula makanema, ndipo anafuna kucheza ndi apongozi a azakhali athu, agogo amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique. Tinakwera minibasi mu Lilongwe, kudutsa pa Namitete, n'kutsikira pa Kamwendo. Kuchoka apo inali ya kabaza, fumbi lili koboo.

Tinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Mng'ono wanga anali atalemba mafunso ake bwinobwino m'kope: za Frelimo (chipani cholamula) ndi Renamo (gulu limene linkamenyana ndi boma), za 1977 pamene nkhondo inayamba, za mgwirizano wa mtendere umene Pulezidenti Chissano ndi Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, anasainira ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Agogo anangomvetsera. Iwo satchula n'komwe dzina loti Renamo, amati a Matsanga. Zaka amaziwerengera pa ana: uyu anali kumsana, uyu anabadwira kuno.

Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kamphika kachitsulo, kakuda bii, kophwanyika mbali imodzi. Kameneka ndi kokhako kamene anatenga usiku umene anachoka kwawo, m'chigawo cha Tete. Ankayenda usiku, masana n'kubisala m'tchire. Mwana akangoyamba kulira ankamuika bere m'kamwa, ngakhale munalibe mkaka, kuopa kuti angamveke. Akufotokoza izi chala chawo chinkangozungulira pakamwa pa mphikawo, ndipo mng'ono wanga anatsitsa kamera n'kuloza pamanjapo. Anachita bwino. Makanema ambiri a nkhondo amene ndinaonerapo amadzaza ndi mfuti ndi akuluakulu a asilikali, mayi n'kungooneka pang'ono akulira. Chonsecho amene ankasaka madzi, kusenza ana ndi kuima pamzere wa ufa ndi nyemba anali amayiwa. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira m'dziko muno, ndipo ndimadzifunsa kuti ndi miphika ingati ngati iyi imene ili kuseri kwa zitseko ku Mchinji, ku Dedza, ku Nsanje.

Atafunsidwa za mkulu wawo, amene anagwidwa kuti akasenze katundu wa asilikali, agogo anakhala duu.

"Mdzukulu wanga, tazimitsa kaye chinthucho."

"Chabwino agogo, ndazimitsa."

Anatiuza zonse, motsitsa mawu, mpaka dzuwa linapendeka. Zimenezo sindilemba pano, ndipo m'kanemamo simudzakhala. N'zawo.

Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera, koma iwo anali atakwatiwa kale konkuno. Potsanzikana anatimangira mtedza m'kajumbo, natilamula kuti kanemayo akatha tibwere naye, ayambe aonera iwo ndi amayi anzawo a m'mudzimo anthu a m'tauni asanaone. Mng'ono wanga analonjeza kuti abwera mvula isanagwe, msewu usanayambe kuterera.