Zikomo nonse, bambo a ana abwerera pa makina awo

Lolemba lapitali bambo a ana anga abwerera kuntchito yawo ya utelala ku Fordsburg, kuno ku Johannesburg, patatha miyezi inayi osagwira makina. Ndakhala ndikufuna kulemba mawuwa kuyambira tsiku lomwelo, koma ndikangoyamba, misozi imanditsekereza. Lero ndalimba mtima.

Ambiri mukudziwa kuti mu June adagwa m'bafa m'mamawa, dzanja lamanja ndi mwendo zitachita dzanzi. Kuchipatala adatiuza kuti ndi sitiroko, yobwera ndi BP imene sitinkadziwa n'komwe kuti ali nayo. Tsiku lotuluka adokotala adandiitanira pambali n'kundiuza kuti mankhwala okha sakwanira: mchere uchepe, zokazinga zisiyidwe, nyama yamafuta iiwalike kaye. Ndidavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkadzifunsa kuti munthu wa ku Mangochi, wokulira pa chambo chokazinga, ndizimudyetsa chiyani? Ine ndimaweruka 5 koloko ku Randburg, kukwera taxi mpaka m'tauni, kusinthanso ina ya ku Rosettenville. Pofika pakhomo kunja kumakhala kutada, ana atatu maso ali pa poto.

Ndiyambe ndi inu amayi a chitseko choyandikana nafe. Simukonda kutchulidwa dzina, ndiye sindikutchulani, koma a pa mdadada wathu akudziwani. Mudandipeza ndikulira m'khichini Lachitatu lina, mutanyamula paketi ya hake, nsomba yoyera ya m'nyanja yamchere ya ku Cape imene ndinkangoidutsa mufiriji ya ku Shoprite ndikuganiza kuti si ndiwo zathu. Simudandifunse zambiri. Mudangoti, "Mwanawe, yatsa uvuni pa 200, teleka madzi a nsima."

Ndikuonabe manja anu tsiku limenelo. Mudapukuta mnofu uliwonse ndi kansalu koyera mpaka kuuma, chifukwa nsombayi ikasungunuka imatulutsa madzi ambiri. Pansi pa thireyi mudayala anyezi ndi tomato zodula mozungulira, nsomba pamwamba, kenako adyo wosinja, tsabola wa kambuzi pang'ono, supuni imodzi yokha ya mafuta, ndi ndimu lathunthu kufinyira paliponse. Mchere mudangotsina ndi zala ziwiri. Nditadandaula kuti zikhala zozizira mkamwa, mudandiyankha kuti ndimu ndi adyo zigwira ntchito imene mchere unkagwira. Mmene ndinkamaliza kuvundula nsima, mphindi 20 zisanakwane, mudabaya nsomba ndi foloko, mnofu n'kumagawikana wokha, woyera mbee. Mudati chizindikiro chake n'chimenecho, ndipo ikapitirira pamenepo imauma ngati chiguduli.

Usiku umenewo bambo adadya ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, popanda wowachotsera minga popeza mnofuwu ulibe timinga tovutitsa. Adamaliza mbale yonse. Kuyambira pamene adatuluka m'chipatala anali asanamalizepo chakudya. Sindinena kuti hake ikufanana ndi chambo, ayi, chambo n'chambo, ndipo iwo amachitchulabe. Koma nsombayi yatisunga. Tsiku lina ndidafulumira n'kuiika mu uvuni ili youma ndi ayezi, thireyi n'kudzaza madzi. Mudabweranso osatopa, n'kundiphunzitsa kuti ndiziitsitsa m'munsi mwa firiji m'mawa ndisanapite kuntchito. Tsopano mwana wanga wamkulu wa zaka 14 ndiye amadula anyezi ndikakhala m'njira, ine pofika n'kungolowetsa thireyi. M'nyengo yozizira ija ya kuno ku Johannesburg, uvuniwo unkatifunditsanso, tonse titaunjikana m'khichini.

Amayi a Mvano, mudasinthana masiku kudzakhala ndi odwala ine ndili kuntchito, ena mwa inu mutagwira ntchito usiku wonse. Mudatiyimbira nyimbo za kwathu m'chipinda chija mpaka bambo adayamba kutsatira ndi milomo. Ambuye akubwezereni pamene padachoka.

Alamu anga, lendi ya July ndi August mudalipira inu, osandiuza, ndidangomva kwa eni nyumba. Mawu okuthokozerani ndilibe. Anzawo a bambo ku shopu, mudawasungira malo ndi makina awo pamene ena akadaikapo munthu wina sabata yoyamba. Abwana anga nawonso adandilola kuchoka msanga masiku a fiziyo, opita ndi bambo kuchipatala kukalimbitsa thupi, popanda kundidula malipiro. Ndipo apongozi anga ku Mangochi, amene mudatumiza usipa ndi ufa wa mgaiwa pa basi ya ku Park Station, katundu adafika bwino. Usipawo timauviika kaye m'madzi, n'kuuphika ndi tomato osathira mchere.

Dzulo ndidachedwa chifukwa cha mvula. Nditatsegula chitseko ndidalandiridwa ndi fungo la adyo ndi ndimu. Bambo anali ataima pa uvuni, kansalu kali m'manja, akutulutsa thireyi ndi dzanja lamanja lija, ana atawazungulira osapuma n'komwe. Adaiika patebulo osatayapo ngakhale kadontho ka msuzi.

Amayi a chitseko choyandikana nafe, Lamlungu likubwerali tikaweruka ku tchalitchi musateleke poto kwanu. Bambo akuti nsomba aphika okha, ndipo mbale yoyamba ndi yanu.