Giza ya kubafa: mapaipi ndamaliza, nkhani yatsala pa bodi ya magetsi

Giza yathu, thanki yotenthetsa madzi ndi magetsi, yakwera pakhoma tsopano. Ndi ya malita 100, element yake (chitsulo chotenthetsa madzi mkatimo) ndi ya 2 kW, ndipo ndaimangirira kunja kwa bafa, pakhoma la njerwa zowotcha, osati m'siling'i momwe ambiri amaiika. Ikadzaza, madzi okha amalemera makilogalamu 100, osawerengera chitsulo chake, ndipo matabwa a denga lathu sindiwadalira kuti angasenze katundu wotere pamwamba pa munthu amene akusamba. Mapaipi a madzi ozizira ndi otentha ndalumikiza ndekha. Valuvu yotulutsa madzi mphamvu ikachuluka mkati ndaiika, kapaipi kake ndakalozetsa kungalande. Mawaya okha ndi amene sindinakhudze.

Anzanga akundiseka, akuti giza ku Mangochi ndi ya chiyani. Sakunama kwenikweni, chifukwa mu Okutobala madzi a m'thanki yathu ya pamwamba amatsika ali ofunda kale. Koma amayi akukhala nafe masiku ano, ndipo mwera ukayamba kuwomba kuchokera kunyanja mu Juni ndi Julayi, madzi ozizira a m'mawa sangawayerekeze. Thumba la makala silikuchedwanso kutha.

Kutentha kwa kuno kwandichepetsera masamu. Kuti lita imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika magetsi okwana 1.16 Wh. Ndikatenga madzi olowa ali pa madigiri 25 n'kuwafikitsa pa 60, malita 100 amadya mayunitsi 4 ndi kachidutswa, ndipo element ya 2 kW imagwira ntchitoyi m'maola awiri. Giza ya malita 150 ya 3 kW, yomwe wam'sitolo ankandikakamiza, ikanadya mayunitsi 6 pa ntchito yomweyo. Ya ku Dedza kapena ku Mzuzu imeneyo. Kuno madzi a madigiri 60 umawasakaniza ndi ozizira ambiri ndithu, ndiye malita 100 akwanira nyumba yonse. Thermostat, kachipangizo koika malire a kutentha, ndiisiya pa 60, sinditsitsa, chifukwa m'madzi ofunda chabe okhala m'thanki ndi momwe tizilombo ta Legionella timaswana.

Pomwe ndakhalitsa ndi pa bodi, bokosi lomwe limagawa magetsi m'nyumba. Magetsi athu kuno ku Malawi ndi a 230V, ndiye chipangizo chilichonse ndimagawa mawati ake ndi 230 kuti ndidziwe chimakoka ma amp (A) angati. Giza yanga ikoka pafupifupi 9A, ya 3 kW ija ikanakoka 13A. Buleka yaikulu ya pabodi pathu, swichi yomwe imadzizimitsa magetsi okokedwa akapyola malire, ndi ya 60A. Ndinazungulira nyumba ndi kope, n'kumawerenga timapepala ta kumbuyo kwa chipangizo chilichonse. Mbaula yamagetsi, mbale zonse ndi uvuni zikayaka, imafika cha m'ma 30A. Ketulo 9A, nsimbi 7A, pampu yokweza madzi m'thanki 4A ndipo imakoka zoposa apo ikamadzuka. Filiji, mafani, wailesi ya kanema ndi mababu zonse pamodzi ndi 4A inanso. Kuphatikiza zonsezi ndi giza, tikudutsa 60.

Zoona, si kawirikawiri kuti zonse ziyake nthawi imodzi. Koma taganizani m'mawa wa Lolemba ana akupita kusukulu: phala lili pambaula, ketulo ikuwira, wina akusita yunifolomu, pampu yadzuka chifukwa thanki yatsika. Nthawi yomweyo ndi imene aliyense akufuna madzi otentha. Choncho ndagula tayima yoti giza iziyaka 4 koloko m'mamawa n'kuzima 6 koloko, mbaula isanayake. Thanki ya giza imasunga kutentha kwa maola angapo, palibe chifukwa choti izilimbana ndi phala.

Masamu omwewa ndi amene anandichotsa pa shawa zija zotenthetsa madzi pompopompo. Zimakopa, chifukwa n'zazing'ono ndipo sizifuna thanki. Koma kuti malita 6 pa mphindi atenthe ndi madigiri 15 okha, pamafunika zoposa 6 kW, ndipo shawa ya 8 kW imakoka 35A yokha. Iyo ndi mbaula, ziwiri zokhazi, zadutsa kale buleka yaikulu. Komanso magetsi akathima munthu ali ndi sopo kumaso, madzi amazizira pomwepo. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, mmene magetsi ankasowera dziko lonse. Giza yosunga madzi, ikapeza maola awiri okha a magetsi usiku, m'mawa muli nawo madzi.

Katswiri wa zamagetsi amene ndamupeza ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndinapempha kuchiona. Ine ndinalemba waya wa 2.5mm ndi buleka yakeyake ya 20A, ndipo kwa 9A waya umenewu ndi wokwana. Iye atasuzumira m'siling'i anatsika akupukuta thukuta.

"Bambo, malata awa mu Novembala ndi ng'anjo. Waya ukatentha kale ndi dzuwa sunyamula zomwe analemba. Tiike wa 4mm, mawa mukadzafuna element yaikulu simudzafukulanso khoma."

Ndavomera, ngakhale mtengo wakwera. Wanenanso zoti pafupi ndi giza pakhale swichi yodula mawaya onse awiri, wamoto ndi wa neutral, ndipo mzere wa giza udutse pa earth leakage ya 30mA, chipangizo chodula magetsi akayamba kuthawira pomwe sayenera. Apa sindinatsutse n'komwe, pakuti madzi ndi magetsi zikukumana pomwe munthu waima wopanda nsapato. Chomwe chamudetsa nkhawa ndi chitsulo cha earth, chopititsa m'nthaka magetsi othawa, chomwe anakhomera kuseri kwa nyumba kalekale. Dothi lathu ndi lamchenga, ndipo mchenga wouma sulola magetsi kudutsa bwino. Akuti abwera ndi mita yoyezera, ndipo chikalephera tikhoma china chachitali, mwina ziwiri.

Zatsala: kukoka waya kuchokera pabodi, kuyeza earth, kukulunga paipi ya madzi otentha kuti isamataye kutentha panjira, ndi kukhoma kadenga pamwamba pa giza mvula isanayambe. Tsiku loyatsa ndidzayamba ndatsegula mpope wa madzi otentha mpaka mpweya wonse utatuluka, chifukwa element ikayaka m'thanki yosadzaza imapsa nthawi yomweyo. Pali vuto lina lomwe ndaliona poyesa mapaipi: thanki yathu ili pamwamba mamita 4 okha, ndiye madzi a kushawa akutuluka mofooka. Mamita 10 ndiwo amapereka mphamvu ya madzi ya 1 bar, ife sitikufika ngakhale theka. Kapampu kowonjezera mphamvu kangathandize, koma nako kakufuna malo pa 60A yomwe ija, ndiye ndabwereranso ku kope.