Ankangoti chamba chamukwera

Mawu a mphwanga sakundichoka m'mutu, ngakhale tulo takana. Anabwera madzulo akuseka, n'kumandifotokozera za mnzake amene anagwa pa mpira dzuwa lili paliwombo. Akuti anali atasuta chamba asanalowe m'bwalo. Anayamba kudzandira, kubwebweta zosamveka, kenako khu! pansi. Anzakewo anangomukokera pambali, mpira n'kupitirira.

"Musadandaule achimwene, chinangomukwera. Akagona chimuthera."

Ndinamufunsa ngati anamukhudza. Akuti thupi linali lotentha ngati moto. Mtima wanga unangoti myuu.

Ndinkafuna kulankhula modekha koma mawu ankangokwera okha. Iwe, thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likadutsa 40 chifukwa cha kutentha, ubongo umasokonekera, impso ndi chiwindi zimawonongeka, munthu amatha kufa tsiku lomwelo. Ndipo amaoneka bwanji? Amadzandira, amabwebweta, amakomoka. Zomwezo zimene inu mumaziseka kuti chamukwera.

Kukatentha, mtima umakhala kale pa ntchito yaikulu yotumiza magazi kukhungu kuti thupi lizizire. THC, mankhwala oledzeretsa a m'chamba, amauthamangitsanso, n'kutakasa mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake maso amafiira ndipo ena amamva chizungulire akadzuka. Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti wosutayo sazindikira msanga kuti ayenera kusiya kuthamanga, akhale pamthunzi, amwe madzi. Akaphatikizapo mowa, madzi amachepa msanga m'thupi. Nanga zosuta zopangidwa ndi mankhwala motsanzira chamba, monga Spice ndi K2, zimatha kukweza kutentha kwa thupi pazokha mpaka munthu kuphupha.

Ndinamuuza kuti munthu wotero samusiya agone. Kumunyamulira pamthunzi, kumuvula zovala, kumuthira madzi ozizira thupi lonse, kumukupiza, nsalu yonyowa m'khosi ndi m'khwapa, n'kuthamangira naye kuchipatala. Ngati wakomoka osamumwetsa chilichonse, angatsamwe.

Anasiya kuseka. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Kuchipatalako akanatifunsa zimene anasuta."

Apa m'pamene pakundipweteka. Si ana oipa, ndimawadziwa, amakondana. Koma mantha a funso limodzi anawakulira kuposa moyo wa mnzawo, ndipo sindikuimba mlandu iwo okha ayi. Timawakalipira kwambiri za chamba moti zikavuta amathawa ife tomwe tikanawathandiza.

Ndinamuuza amuimbire foni mnzakeyo pompo. Inangolira osayankhidwa. Akuti mwina wagona. Walonjeza kuti alawirira kwawo m'mamawa, ndamuuza kuti tipitira limodzi. Za kusuta kwa iye mwiniyo sitinazikhudze n'komwe.