Nkhondo ya Chiwaya inatha liti, nanga dzina la agogo tikalipeza kuti?

M'kalasi timaloweza kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe kuno timaitcha Nkhondo ya Chiwaya, inatha pa 11 Novembala 1918, nthawi ili 11 koloko m'mawa. Pa mayeso yankho limenelo n'lokhoza, ndipo n'chifukwa chake Lamulungu lachiwiri la Novembala lipenga limalira ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, anthu n'kukhala chete mphindi ziwiri asanayale nkhata za maluwa. Koma tsikulo ndi la ku Ulaya, pamene pangano linasainidwa ku Compiègne m'dziko la France. Kuno kwathu mfuti zinali zikulirabe.

Mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa m'Mozambique mu Novembala 1917. Anatsika mpaka ku Namacurra pafupi ndi Quelimane, n'kubwereranso kumpoto, ndipo mu Novembala 1918 anali atalowa m'dziko lomwe lero ndi Zambia, n'kulanda Kasama. Uthenga woti nkhondo yatha unam'peza pa mtsinje wa Chambeshi, pomwe anakumana ndi bwanamkubwa wa chigawocho, Hector Croad, pa 14 Novembala. Zida anakatula pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala. Wophunzira amene akulemba za dera lathu ayenera kutchula masiku atatu onsewa, apo ayi masabata awiri omaliza a nkhondo asowa m'nkhani yake.

Chiyambi chakenso chinali pakhomo penipeni. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen inawombera n'kuwononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, tsidya la nyanja komwe lero ndi ku Liuli. Pa 9 Seputembala Angerezi ndi Ajeremani anamenyana ku Karonga. Patangopita miyezi iwiri John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo ya eni.

Chomwe chimazunguza mutu pa phunziroli ndi manambala. Amuna a ku Nyasaland amene anavala yunifolomu ya King's African Rifles (KAR) anali pafupifupi 19,000, pomwe amtengatenga anayandikira 200,000. Nambala yachiwiriyi muziigwira mosamala, chifukwa munthu mmodzi ankatha kugwidwa kawiri kapena katatu, ndipo ulendo uliwonse ankawerengedwa mwatsopano. Komabe funso ndi loti, ankafuniranji anthu ochuluka chonchi? Misewu kunalibe, ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe, ndiye chilichonse chinkayenda pamutu. Tawerengani nokha: katundu wa munthu mmodzi anali wa makilogalamu oposa 20 pang'ono. Tiyerekeze kuti akudya kilogalamu imodzi ya ufa patsiku, ulendo ndi wa masiku khumi kupita, khumi kubwerera. Ndiye kuti wadya pafupifupi zonse zomwe wasenza. Mzere ukamatalika, pankafunika amtengatenga ena osenzera anzawo chakudya, ndipo zikavuta woyamba kuchepetsedwa phoso anali iwo omwewo. Ambiri sanafe ndi chipolopolo koma kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, kenaka chimfine choopsa chomwe chinafika kumapeto kwa 1918.

Nsanja ya chikumbutso ya ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, ndi ya asilikali a KAR. Amtengatenga ambiri alibe mwala kulikonse. Mu 2021 bungwe losamalira manda a omwe anafera pa nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linavomereza lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi dzina monga anachitira ndi azungu. Ine ndimaona kuti nkhani iliyonse ya tsiku la chikumbutso yosatchula amtengatenga imakhala yoperewera, ngakhale italembedwa mokoma bwanji.

Tsono mukafuna kufufuza munthu mmodzi wa m'banja mwanu, musayambe ndi dzina. Yambani ndi nambala. Makalaliki a nthawiyo ankalemba dzina monga alimvera, ndipo anyamata ena ankalembetsa ndi dzina lina lomwe kumudzi silidziwika. Nambala ya usilikali ndiyo sisintha. Mukaipeza pa chikalata chotulukira usilikali, pa buku la malipiro kapena pa mendulo.

Mendulo zili ndi msampha wake. Za nkhondo yoyamba, British War Medal yasiliva ija ndi Victory Medal ya riboni yonga utawaleza, zimakhala ndi nambala, dzina ndi gulu zodindidwa m'mphepete mozungulira. Muziyang'ana pa dzuwa mutaipendeketsa. Za nkhondo yachiwiri zambiri zinaperekedwa zopanda dzina, choncho kusowa kwa dzina sikutanthauza kuti ndi yabodza. Pamenepo chomwe chingakuthandizeni ndi riboni. Africa Star, ya mtundu wa mchenga ndi mzere wofiira pakati, ikulozerani ku Somaliland ndi ku Ethiopia m'zaka za 1940 ndi 1941. Burma Star, yofiira pakati koma m'mbali ya buluu wakuda ndi olenji, ikulozerani ku Burma, komwe gulu la 11th East African Division linadutsa chigwa cha Kabaw m'dzinja la 1944. Ndipo chonde musakweche mendulo ndi phulusa, mchenga kapena polishi wa zitsulo kuti iwale. Zilembo zake ndi zosazama, zimafufutika. Nsalu yofewa youma ikukwana. Riboni yakale, ngakhale itasuluka, musaitaye.

Mukakhala ndi nambala ndi gulu, pitani pa webusayiti ya Commonwealth War Graves Commission. Kumbukirani kuti mumangopezeka omwe anafa pa nkhondo, osati omwe anabwerako. Yesani dzinalo m'malembedwe angapo, kusinthanitsa l ndi r, ch ndi c, komanso kuika dzina la bambo poyamba. Ku National Archives ku Zomba funsani mafayilo a boma lomwe munthuyo ankachokera, makamaka malipoti a DC onena za kulemba anthu ntchito. Mabuku omwe gulu lililonse linkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku ali ku National Archives ya ku Britain, ku Kew ku London. Amenewa angakuuzeni komwe batalioni inali pa tsiku lakuti, koma msilikali wakuda satchulidwamo kawirikawiri.

Kwa mtengatenga mapepala amasowa msanga, ndiye kwatsala akuluakulu a m'mudzi. Musawafunse chaka, chifukwa adzangokupatsani choti mukondwere nacho. Funsani malo omwe malemu ankatchula, amene anam'gwira, anthu omwe anapita naye, ndi nyimbo zomwe ankaimba akamwa mowa. Magule a malipenga, mganda ndi beni anatengera perete wa asilikali, ndipo atsogoleri a magulewa nthawi zina amasunga mayina omwe banja linaiwala. Jambulani mawu pafoni mutapempha chilolezo, lembani tsiku ndi amene wayankhula, ndipo nkhani yomweyo mukaifunsenso kwa munthu wina wa banja lina pamene woyambayo palibe.