Zonse Zili pa Chibangili

Mpongozi wanga ndi munthu wa mawu ochepa, ndipo mawu ochepawo ndi amene anandipweteketsa. Titafika pa hotela ku Orlando, anatsegula kabokosi n'kutulutsa tizibangili ta pulasitiki ta mitundumitundu. Changa anandipatsa ndi manja awiri, monga mwana woleredwa bwino.

"Bambo, kuno musavutike ndi kunyamula chikwama. Zonse zili pa chibangili."

Ine ndinapuma ntchito ndili mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale. Kumva sikundivuta. Munthu akati zonse, ndiye kuti zonse.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku America, ndipo iye ndi mwamuna wake ndi amene anandiitana kuti ndikaone adzukulu. Mayi a kunyumba anakana, ati ndege ndi BP yawo sizigwirizana. Tchuthi cha ana chitakwana anati tipite ku Walt Disney World, ku Florida. Ine ndinkayesa kabwalo kokhala ndi makatungwe. Ndinapeza dziko lathunthu, lokhala ndi mabasi ake, maboti ake, sitima yoyenda m'mwamba pa njanji imodzi, mahotela ake, ndi mapaki akuluakulu anayi: Magic Kingdom, EPCOT, Hollywood Studios ndi Animal Kingdom. Chibangilicho amachitcha MagicBand, ndipo anayamba kuchigwiritsa ntchito mu 2013. Ndi tikiti yolowera, ndi kiyi wa chipinda chako cha ku hotela, komanso ngati ukugona m'hotela yawo, umagulira zinthu. Ungochikhudzitsa pa kamakina, kamakinako kawale, basi.

Apo pogulirapo ndi pamene panandiimitsa mutu. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo Chivumbulutso 13 ndalalikirapo anthu mpaka kutuluka thukuta: chizindikiro cha pa dzanja lamanja, chimene wopanda icho sangagule kapena kugulitsa. Sindinafune kukhumudwitsa mpongozi, komanso sindinafune kuyesa Mulungu. Ndinavala kumanzere.

Tinayambira ku Animal Kingdom. Pachipata pali timizati tokhala ndi mutu wa Mickey Mouse, mbewa yotchuka ija (kwathu ku Dedza ikanathera pa mpani, koma kumeneko ili ndi ulemu wa mfumu). Umakhudzitsa chibangili pa mutu wa mbewayo, kenako n'kuika chala pa kagalasi kali pambali, kuti tikiti yako isamalowere munthu wina. Kuwala kukazungulira n'kusanduka kobiriwira, walowa. Chala nachonso ndinapereka chakumanzere, pa zifukwa zomwe zija. Tsikulo linatha bwino. Anandikweza galimoto kukandionetsa njovu ndi mvuu, ine n'kumagwedeza mutu mwaulemu ngati sindinapondeko ku Liwonde. Koma maso anga enieni anali pa mpongozi. Chakudya cha masana, khwa chibangili. Madzi a ana, khwa chibangili. Sindinaone ndalama ikutuluka m'thumba mwake, ngakhale kakhobidi. Ndinati mumtima, mnyamatayu walipiriratu zonse, Mulungu amudalitse.

Mawa lake tinawoloka nyanja yaing'ono pa boti kupita ku Magic Kingdom, paki yakale kuposa onse, ya mu 1971. Anthu anali pikitipikiti. Nthawi yanga itakwana ndinakhudzitsa chibangili monga katswiri, n'kuika chala. Kuwala kunazungulira, kunazungulira, n'kusanduka buluu.

Ndinaikanso. Buluu.

Ndinapukuta chala pa thalauza, ndinachipemerera mpweya, ndinachisindikiza mwamphamvu ngati ndikuvota. Buluu yemweyo. Kumbuyo kwanga mzere unali kutalika, ana a azungu atakwezedwa pamapewa akusuzumira kuti aone chimene chagwira mkuluyu. Mtsikana wogwira ntchito pachipata anakweza dzanja, kunabwera mnzake atanyamula kakompyuta kam'manja, akumwetulira ngati ndamubweretsera mphatso. Anandifunsa mwaulemu kuti dzulo ndinaika chala chiti.

Ndinayang'ana manja anga. Zala khumi, zonse zikuoneka zosalakwa. Chimene ndinali kukanikiza nthawi yonseyi chinali chamkombaphala cha kumanja, chala chomwe ndaloza nacho ana opulupudza moyo wanga wonse, ndipo chinangodzipereka chokha mwa chizolowezi. Mdzukulu wanga wamkulu, mnyamata wa Chichewa chothyokathyoka, ndiye anafuula kuti aliyense amve: "Agogo, lina! Dzanja la Baibulo lija!" Ndinaika chakumanzere, kuwala kunabiriwira, ndipo anthu ena pamzere anawomba m'manja. Ndinawaweramira pang'ono. Ukatere umaoneka ngati unachita dala.

Dzuwa litafika paliwombo kamdzukulu kakang'ono kanayamba kuvuta ndi kutentha, pakuti dzuwa la Florida mu July silisewera. Makolo ake anati abwerere nako ku hotela kakagone, adzatipeza madzulo. Anandisiyira akuluakulu awiri. Mpongozi anandinong'oneza manambala anayi a PIN.

"Ana akamva ludzu, bambo, mungokhudzitsa n'kulemba manambala amenewa."

Tinayamba ndi madzi, monga ananenera. Ndinakhudzitsa, ndinalemba manambala, kamakina kanawala, wogulitsa anandithokoza. Ndinaimabe pang'ono kudikira kuti mwina andiuza kanthu. Palibe. Ndinagwira m'thumba, madola anga ochepa omwe ndinasintha ku Lilongwe ali phee, osasuntha.

Kunena zoona, chimene chimatisunga ife okalamba pa ndalama si nzeru ayi, ndi ululu. Ukamawerenga makwacha kupatsa wogulitsa, chala chimakakamira pa pepala lomaliza. Ngakhale pa Mpamba kapena Airtel Money, ukangolipira foni imalira pompo kukuuza zomwe zatsala, mtima n'kugunda. Chibangili sichilira. Sichikuuza kanthu. Chimangowala mokoma, wogulitsa n'kukumwetulira.

Ndiye kunali kwa mwana alirenji. Mdzukulu wamkazi analoza ayisikilimu wa chinanazi amene amamutcha Dole Whip. Khwa. Mnyamata analoza ntchafu ya nkhukundembo yowamba, yaikulu yoti munthu mmodzi kuimaliza n'kuyesa mimba. Tinagula zitatu, aliyense yake, poti agogo sapempha kuluma kwa mwana. Zipewa za makutu a mbewa, khwa. Zibaluni zokhala ndi mbewa ina m'kati mwake, khwa. Ana aja poyamba ankandiyang'ana mokayika, chifukwa bambo awo ndi munthu wa "tikadya kunyumba." Mtsikana anafunsa kuti, "Agogo, adadi avomera?" Ndinamuyankha monga mphunzitsi: "Adadi ako alipira kale. Chosadyedwa pano chitayika." Kuyambira pamenepo sanafunsenso. Ankangoloza.

Tikupuma pa benchi, ndinamva mayi wina akukalipira mwana: "Iwe, bwela kuno, uzasoba!" Khutu langa linaima. Chinyanja, pakati pa Florida! Linali banja la ku Chipata, bambo, mayi, ana angapo ndi apongozi awo aakazi atavala chitenje chawo bwinobwino. Tinapatsana moni ngati tinasiyana dzulo pa Mwami. Tinakambirana za mtengo wa feteleza, za mvula, za ana a masiku ano. Kenako ndinaona kuti ana awo akuyang'anitsitsa ayisikilimu wa adzukulu anga, ndipo magazi a umfumu, omwe m'banja mwathu mulibe, anandikwera kumutu.

"Abale anga, lero muli m'manja mwanga."

Bambo uja anakana mwaulemu, ati zinthu muno n'zodula. Ndinaseka. Ndinakweza mkono wamanzere kuti aone. "Ife tinalipiriratu. Zonse zili apa." Anayang'ana chibangili changa, n'kuyang'ana chake, chomwe chinali chimodzimodzi, n'kuyang'ana mkazi wake. Ndikuganiza kuti anadzimvera chisoni kuti iye anagula cha anthu wamba. Anadya. Mvula ya masana itagwa, monga imachitira kumeneko nyengo yotentha, ndi mabingu ake, ndinawagulira onse majasi a pulasitiki, mpaka agogo a chitenje aja. Posiyana anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunditcha abwana.

Mimba itadzaza, matama anakula. Mnyamata anati tikakwere Space Mountain, koma anandichenjeza kuti agogo ambiri amadikira panja. Ndinamuuza kuti ine ndakwerapo malole a fodya usiku, palibe chachilendo. Chinthucho ndi kasitima kothamanga m'nyumba ya mdima wandiweyani, kamene kanatsegulidwa mu 1975, ndipo mumakhala mondondozana, aliyense pampando wake, wopanda woti umugwire. Zimene zinachitika m'katimo ndi za ine ndi Mlengi wanga. Ndingonena kuti ntchafu ya nkhukundembo ija inakwera kudzandifunsa ngati ndikuifunabe. Potuluka mawondo anali a eni, koma ndinakonza kolala n'kuuza ana kuti, "Kabwino, koma kafupika."

Madzulo makolo atatipeza, mwana wanga anaona zibaluni, zipewa ndi matumba, nkhope yake n'kusintha. Sananene kanthu mpaka titafika ku hotela. Kumeneko anatsegula foni, anawerenga, anakhala pansi pa bedi.

"Adadi, majasi a mvula onsewa anavala ndani? Ana amene tinakusiyirani ndi awiri."

"A ku Chipata," ndinatero.

"A ku Chipata ati?"

Ndinafotokoza, ndipo pofotokozapo ndinayamba kumva ndekha kuti nkhaniyo ikutsimphina. Ndinamaliza ndi mfundo yanga yaikulu, yoti bambo a ana ananena okha kuti zonse zili pa chibangili.

Mwana wanga anandiphunzitsa ngati ndili Sitandade 1. M'chibangili mulibe ndalama, ngakhale tambala. Muli kachipangizo kakang'ono ka wailesi kokhala ndi nambala, ndipo nambalayo imangouza kompyuta kuti mkono uwu ndi wa uje, wa chipinda chakuti. Tikiti yolowera inalipiridwa kale, inde. Koma chilichonse chimene wagula chimalembedwa pa ngongole ya chipinda, ndipo ngongoleyo imakagwera pa khadi ya ku banki ya amene anasungitsa chipindacho. Anatembenuza foni kundionetsa. Mndandanda unali wautali woti chala chinatopa kukankha, chilichonse ndi malo ake. Tsiku langa lonse laufumu linali pamenepo, lolembedwa mwadongosolo kuposa kaundula wa sukulu.

Khadiyo inali ya mpongozi.

Mukudziwa inu mmene munthu amakhalira ndi mkamwini. Sumudyera pafupi, sumupempha, sumuonetsa mano ambiri. Ine ndinali nditamudyera, ndi kuitanirako alendo a dziko lina. Iye anali ataima pa zenera akuyang'ana kunja, ngakhale kunja kunali magalimoto okhaokha. Anatembenuka n'kunena motsitsa mawu, "Palibe kanthu, bambo. Bola ana asangalala." Akanandikalipira zikanapepuka. Ndinatulutsa madola anga a ku Lilongwe aja n'kuwaika pa tebulo. Anawabweza ndi manja awiri. Mwana wanga anawasuzumira n'kunena kuti asungeni, adadi, sakukwana ngakhale zibaluni.

Ndinayesa kuti zathera pomwepo, koma mnyamata uja anakuwa kuchokera pa bedi lina. Chibangilicho, kuwonjezera pa kukhudzitsa, chili ndi kabatire ndipo chimaulutsa nambala yake patali ndithu, moti makamera a pa zokwera zina amadziwa okha kuti wadutsa ndi ndani, n'kutumiza chithunzi ku foni ya banja. Palibe anandipempha chilolezo, poti chilolezocho ndinali nditavala ndekha pamkono. Chithunzi cha pa Space Mountain chinali chitafika. Maso nditatseka, kukamwa yasa mpaka mano a m'mbali omwe kulibe akuoneka kuti kulibe, manja onse awiri atakakamira chitsulo, kolala itakwera kukhutu. Kutsogolo kwanga mdzukulu wamkazi akumwetulira, atakweza zala ziwiri.

"Pamenepa ndi pomwe kanatsetsereka kwambiri," ndinadziteteza.

"Ayi agogo," anatero mnyamatayo. "Amajambula koyambirira. Tinali tisanakwere m'mwamba n'komwe."

Anawonjeza kuti kasitimako liwiro lake ndi la makilomita pafupifupi 45 pa ola basi. Limenelo ndi bodza la mwana, ngakhale anandionetsa polembedwa.

Usiku womwewo chithunzi chinalowa pa gulu la WhatsApp la banja, ndipo pofika m'mawa chinali chitafika kwa amayi a mvano. Mayi a kunyumba anatumiza uthenga wa mawu, theka lake kuseka kokhakokha. Mawu omwe ndinatolapo anali akuti, "Bambo a ana, ndiye BP ndi yanga kapena yanu?"

Tsiku la EPCOT ndinadzuka nditalumbira kuti sindigula kanthu. Pachipata ndinapereka chala choyenera, kuwala kunabiriwira nthawi yomweyo. Koma dzuwa litakwera kamdzukulu kakang'ono, kamene kanaphonya phwando la dzulo ndipo kanali katamva mbiri yake kwa akulu ake, kanandikoka thalauza n'kuloza ayisikilimu. Mwana wa mwana wako sumukana. Ndinati kamodzi kokha. Ndinakhudzitsa chibangili. Kamakina sikanavomere. Ndinakhudzitsanso, ndinatembenuza mkono, ndinapukuta chibangili pa malaya. Wogulitsa anandiuza mokoma mtima kuti chibangili chimenechi sichiloledwa kugula.

Mpongozi anatulukira pambali panga, osandiyang'ana kumaso.

"Makinawa akuvuta lero, bambo."

Anakhudzitsa chake pa kamakina komweko. Kanawala pompo.

"Eetu," ndinatero, ndikulandira ayisikilimu. "Netiweki."

"Netiweki, bambo."