Load shedding ya nyumba imodzi

Kuzizira kwa ku Joni n'kwachinyengo. Mu June ndi July masana dzuwa limawala bwinobwino, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, mpaka umavula juzi n'kumati anthu amangokokomeza. Likangolowa cha m'ma 5:30, umalapa. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya wake ndi wouma, choncho kutentha konse kwa masana kumathawa usiku womwewo, mmawa n'kupeza kapinga wayera mbee. Ine ndine wa ku Thyolo, chiperoni ndimachidziwa, koma chiperoni chimabwera poyera ndi nkhungu yake. Kuzizira kwa kuno kumakulondola m'nyumba, chifukwa nyumba zake anamangira nyengo yotentha: pansi matailosi, mawindo a mafelemu achitsulo, kunsi kwa chitseko mpata wolowa dzanja.

M'chaka cha 2023, magetsi akuzimazima tsiku ndi tsiku chifukwa cha load shedding, imene ankaiyeza ndi ma stage malinga ndi kukula kwa vutolo, m'nyumba mwathu ku Rosettenville munangotsala madandaulo. Ndiye mayi a Tadala anagula kope lachikuto cholimba, n'kumangirira bolopeni ndi ulusi, n'kukhazikitsa lamulo: tikatha kudya madzulo, aliyense alembe deti ndi mzere umodzi wa chimene chamusangalatsa tsikulo. Dandaulo ayi, mitengo ya zinthu ayi. Mayamiko, yemwe anali asanadziwe kulemba, ankanena mlongo wake n'kumulembera.

Poyamba zinkayenda mwaulemu. "Manachesi atsika mtengo" anakanidwa chifukwa cha lamulo lachiwiri, n'kukhala "Manachesi akutsekemera." Kunali "Amama aphika futali," kunali "Dzuwa lalowa pawindo lakumpoto mpaka pabedi." Ine ndinkalemba zanzeru, monga zakuti thaulo lopindidwa kunsi kwa chitseko likuthandiza. Kenaka ndinayamba kuona kuti mizere ya anawo ikulowera mbali imodzi. "Adadi anakuwa atagwira geti." Nkhani yake n'njakuti mpweya ukauma chonchi, juzi ndi bulangeti zimakuunjikira magetsi m'thupi, ukangogwira chitsulo, thwa! Mankhwala ake ndi kuyamba wagunditsa kiyi pachitsulopo. Tsikulo kiyi anali m'thumba. Mawa lake: "Adadi anapaka Vaseline wambiri, nkhope ikuwala." Patsamba lina: "Adadi anakhalira botolo la madzi otentha."

Lolemba pa 10 July kunagwa sinowo, woyamba mumzindawu chigwereni wa mu August 2012. Ana anali pa holide, anatuluka ndi masokosi okha kukatolera timiyulu toyera pagalasi la galimoto ya alandilodi. Ine ndili kuntchito ndinatsimikiza mtima kuti tsiku lotere likalowe m'kope mwaulemu wake, ndipo dzina langa lilembedwe pa chinthu chabwino. Ndinagula magwinya (mandasi a kuno), mkaka ndi koko, n'kuika mayunitsi a R200.

Apa ndiyenera kufotokoza za waya, poti ndi ntchito yanga: ndimakonza zowonongeka m'mafulati ena ku Randburg. Kanyumba kathu n'kakuseri, ndipo magetsi ake amachokera m'nyumba yaikulu kudzera pa breaker imodzi ya ma amp 20, kaswitchi kamene kamagwa kokha n'kuzimitsa magetsi ukakoka opyola malire. Kamita kathu ka mayunitsi kali kwathu, koma breaker ili m'khitchini mwa alandilodi. Masamu ake ndi achidule: ma volt 230 kuchulukitsa ndi 20, ma watt 4,600. Ndiwo malire. Hita ya mafuta imakoka 2,000, ndiye kuti mayunitsi awiri pa ola ikamayaka osapumira. Ketulo yathu 2,200. Sitovu ya mbale ziwiri, zonse zikayaka, 2,000. Kahita ka mipiringidzo iwiri, 800. Zimenezi ndimawaphunzitsa anthu a m'mafulati sabata iliyonse, chala chili m'mwamba.

Madzulo amenewo ndinayatsa zonse. Hita yaikulu pabalaza, kahita kuchipinda kuti mabulangeti afunde, mbale ina nsima, mbale ina mkaka, ketulo ya madzi a m'mabotolo. Ma watt 7,000, ma amp pafupifupi 30. Choipa cha breaker n'chakuti ukapyola malire ndi muyezo wotere sigwa nthawi yomweyo. Mkati mwake muli kachitsulo kamene kamapindika pang'onopang'ono kakamatentha, ndiye imakupatsa mphindi zingapo zodziona ngati dolo. Ine mphindi zimenezo ndinazigwiritsa ntchito kuimika foni pa shelefu, kusonkhanitsa banja pa sofa, n'kuyamba kujambula vidiyo yotumiza kumudzi. Ndinangofika pakuti "Amayi, kuno tili bwino, onani mmene tikufundi..." Phethi! Mdima.

"Load shedding," ndinalengeza.

"Abambo a Tada, pa foni akuti kwathu kuzima 10 koloko. Pano ndi 7."

"Asintha stage. Anthu amenewa salengeza."

"Nanga kwa alandilodi bwanji kukuyaka?"

"Ali ndi inverter."

Zoona ali nayo, ndipo n'zimene zinandipha. Tadala anasuzumira pawindo n'kunena kuti kwa aneba nakonso kukuyaka. Ndinati sola. Anati nanga magetsi a mumsewu? Ndinati amenewo ali pa laini ina, ndipo mwana asamatsutsane ndi munthu amene amagwira waya tsiku lililonse. Kamita kanali kazimiratu, ine n'kumati umboni ndi umenewo, chonsecho kamita kamazima ngakhale chagwa ndi breaker ya kutsogolo kwake.

Nsima inali itangoyamba kuthakatha. Mayi a Tadala anaiyang'ana ndi tochi, n'kuthiramo shuga ndi mkaka wofunda uja, n'kuitcha phala. Ndinati ndikabwereke mbaula tiike pabalaza, anakana kwamtuwagalu, ndipo pamenepo anakhoza: makala m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umagoneka anthu osadzukanso, ndipo nyengo yozizira iliyonse kuno kumamveka maliro otere. Madzi a m'ketulo anali atatentha koma osawira, omwe ndi oyenera botolo la labala: umathira magawo awiri mwa atatu, n'kulifinya kuti mpweya utuluke, n'kutseka, n'kulikulunga m'kathaulo. Tinakokera matiresi onse m'chipinda chimodzi, bulangeti lina pansi pa matiresi chifukwa matailosi amayamwa kutentha kuchokera kunsi, ana pakati, aliyense chipewa kumutu.

Kunena zoona, anthu anasangalala, ndipo zinkandiwawa. Mayi awo anayamba nthano ya Kalulu, ana akuyankha "Tili tonse!" mokuwa mpaka galu wa aneba kulowererapo. Mayamiko anatulukira kuti akapuma pafupi ndi kandulo pakamwa pakutuluka utsi, n'kumatiuza kuti iye ndi basi ya ku Park Station. Magwinya anatha. Ine ndinkangoyang'ana wotchi, poti load shedding inkakhala ya maola awiri, ikakula anayi. Itakwana 9 ndinati ndi ya maola anayi. Itakwana 11 ndinati ya 7 ija yalumikizana ndi ya 10. Pakati pausiku ndinati thiransifoma yapsa, ndipo ndinafotokoza mwatsatanetsatane mmene imapsera, koma omvera anali atagona.

Mmawa alandilodi anagogoda, atavala gauni ndi chipewa chaubweya. Amafunsa ngati tili moyo, poti sanamve wailesi yathu. Ndinayamba kuwapepesa za thiransifoma. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaitana kamdzukulu kawo ka sitandade 2. Kanakwera pampando m'khitchini, kanatsegula kachitseko ka bokosi, n'kukankhira m'mwamba kaswitchi kamodzi ndi chala chimodzi. Kuseri kunamveka ketulo, sitovu ndi mahita onse awiri kudzuka nthawi imodzi, chifukwa usiku uja palibe anazimitsa kanthu. Ndinathamanga ngati mbuzi yadula chingwe kukazula mapulagi isanagwenso, n'kuterereka pa kapinga wachisanu, n'kufika pakhomo chokhala.

Tsamba la pa 10 July lili ndi mizere itatu. Mayi a Tadala: "Tagona chipinda chimodzi ngati kwa agogo, ndipo mayunitsi sanathe." Mayamiko: "Ndinali basi." Wanga, umene ndinalemba ndi tochi ndisanadziwe kanthu: "Banja lapirira vuto la thiransifoma mogwirizana." Tadala anadikira mpaka pa 11 July kuti alembe wake, ndipo anaphwanya lamulo la mzere umodzi: anadzaza tsamba lonse, ndi chithunzi cha munthu miyendo ili m'mwamba.

Panopa pakhoma pafupi ndi ketulo pali pepala lolembedwa ndi dzanja langa: ketulo ikayaka, hita izime, sitovu mbale ziwiri, ketulo idikire. Amene amalondera lamuloli ndi Mayamiko, ndipo amangolondera ine.

Vidiyo ija inapitabe kumudzi. Mayi a Tadala anaitumiza pa WhatsApp momwemo, ndi mdima wake, n'kuwonjezera uthenga wamawu wa mphindi zisanu ndi chimodzi. Lamlungu kutchalitchi, pa nthawi imene mndandanda wa load shedding unkathera pa stage 8, mkulu wampingo anandigwira dzanja pakhomo, nkhope ili yachifundo, n'kufunsa kuti, "Abambo a Tada, kwanu kuja zili bwanji? Tamva kuti muli pa stage 9."